Tsitsi la malemu lalowa mu huva

Moni nonse abale.

Mukuidziwa B&B ija, nyumba yogona alendo imene ndimagwirako ntchito, kumudzi kupitirira Coventry. Mu room ya pamwamba muli kafulemu pakhoma, mkati mwake muli tsitsi pang'ono lomanga ndi kariboni. Madam amati ndi la mayi wina wolemba mabuku amene anagonamo kalekale. Azungu amachokera kutali kudzangoliona, mpaka kulijambula!

Lero ndikupukuta khoma, kafulemu kaja phwaa pansi. Ine ndathamangira huva, makina okoka zinyalala aja, kuti ma guest asaponde magalasi. Pomaliza ndikuyang'ana, tsitsi lija palibe. Ndalihuva, abale!

Ndatsegula thumba la huva. Mwadzaza ubweya wa galu wa madam. Galuyo ndi wa brown, tsitsi la malemu nalonso la brown. Sindinakhudze ayi. Tsitsi la munthu wakufa, ine ndizilisankha ndi zala zangazi?

Ndamuimbira Tamanda mwana wa amalume, akungoseka, ati "just put the dog's, nobody will know." Iye wobadwira konkuno sazidziwa zimenezi. Anthu azijambula ubweya wa galu mwini tsitsi akuona? Adzalondola ndani, si ine?

Madam apita kukagula zinthu, abwera posachedwa. Ntchito ina ndilibe, ndi yomweyi.

Anti a ku Walsgrave, amalume, ndiulule kapena ndivale ma gloves ndiyambe kusankha? Yankhani msanga chonde, galu wayamba kuuwa kugeti.