Chaka Chimene Atate Anasenza Mtsuko

Ndikukumbukira chilimwe cha chaka chimene atate anabwerako ku migodi ya ku Kopala. Ine Enelesi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Sinda. Chitsime cha pafupi chinali chitauma, moti amayi ankalawirira kudambo lakutali, n'kubwerako dzuwa litakwera, khosi lili gwa.

Atate anali atazolowera madzi a pampopi. Posamba ankatenga ndowa yodzaza, otsala n'kukhuthulira pafumbi. Amayi ankangoyang'ana, chonsecho anali oyembekezera, ndipo kawiri konse anali atapita padera.

Tsiku lina anamwino a kuchipatala cha mishoni anabwera panjinga kudzaphunzitsa zaukhondo. Atawayeza amayi, anaitanitsa atate.

"Bambo, ngati mukufuna kudzamuona mwanayu ali moyo, akazi anu asasenzenso mtsuko."

"Nanga madzi atunga ndani?" anafunsa atate. "Enelesi ngwamng'ono, abale a mkazi wanga ali ku Vubwi."

"Inuyo mutu mulibe?"

M'mawa mwake atate anatenga mtsuko ndi nkhata, ine pambuyo ndi kachitini kanga. Kudambo azimayi anaseka mpaka kugwira nthiti, koma atate anangotunga madzi awo. Pobwerera madzi ankawatayikira kumsana, ndipo tinafika mtsuko uli theka, iwo thukuta lili kamukamu. Anakhala pakhonde n'kuitana amayi.

"Amake Enelesi, masiku onsewa mumayenda ulendo umenewu?"

"Kawiri pa tsiku," anayankha amayi.

Atate anandiitana kuti ndiwafotokozere zimene anamwino anaphunzitsa, poti pamsonkhanopo panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe. Ndinawauza kuti mtsuko wa madzi akumwa uzikhala wovundikira, ndi chikho chakechake. Posamba m'manja tizithirirana pang'onopang'ono, osati tonse kuviika m'mbale imodzi, ndipo madzi ogwawo alandiridwe m'beseni. Anamwino ananenetsa kuti kusamala madzi si kukhala auve.

Kuyambira pamenepo atate ankasamba ndi chikho, ataima patsinde pa nthochi. Madzi otsukira mbale tinkathirira kamunda ka mpiru kuseri kwa nyumba, otsala pochapa n'kuzirira pansi. Ndikadzaza chikho mopitirira, ndinkamva mawu awo ali kukhola: "Enelesi, amenewo ndawasenza ndine!" Ulendo umodzi unayamba kutikwanira. Mpiru unaphuka mwezi umene mudzi wonse unkadya mfutso, ndipo ena mwa azimayi oseka aja ankabwera kudzapempha ndiwo. Posakhalitsa, mwamuna wina anatitsatira kudambo, zitini zili panjinga, nkhope atazolika.

Mlongo wanga anabadwa mvula yoyamba itagwa, wonenepa, wolira kwambiri. Madenga ankachucha madzi ndipo chitsime chinadzaza. Amayi atachira anafuna kutenganso mtsuko, koma atate anati, "Usiyeni, khosi langa lazolowera."

Lero ndimakhala ku Katete, mpopi uli pabwalo. Ndazindikira kuti azimayi amene anamva phunziro lija ankalidziwa kale, pakuti wotunga madzi saiwala kulemera kwake. Linafunika kufika kwa amene ankangowapeza m'ndowa. Ndiye madzi akasiya kutuluka, sindituma adzukulu anga aakazi okha ku mjigo. Anyamata nawonso amanyamula zigubu, ndipo akabwerako, pakhomo pano sipatayika ngakhale dontho.