Tsiku limene ndinakwecha galimoto ya bambo

Ndikukumbukira Loweruka limene bambo anaganiza zomatula chizindikiro cha esiteti pachitseko cha galimoto yawo. Inali pikapu yoyera, yokalamba, imene anaiyendetsa zaka zambiri ponyamula tiyi, ndipo atapuma pantchito anaigula. Koma tsamba lachitsulo lobiriwira limene linamatidwa pachitsekopo linkawasowetsa mtendere. Akamadutsa pa Milonde anthu ankangoti, "Ya kampani iyo." Bambo ankafunitsitsa kuti Lamlungu, popita kutchalitchi, anthu adziwe kuti galimotoyo tsopano ndi ya a Nahuwo.

Anaimika galimotoyo padzuwa kuti chitseko chitenthe, nathirapo madzi otentha. Kenaka analowetsa ulusi wa mbedza kuseri kwa tsambalo n'kumaukoka uku ndi uku, pang'onopang'ono, lilime ali nalo panja. Tsamba lija linagwa pansi kuti ngwee, ife ana n'kuwomba m'manja. Koma pamalopo panatsala guluu wakuda, wonanda ngati ulimbo. Bambo anati ameneyo amamvera palafini yekha, ndipo anakwera njinga kukamufuna kumsika.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pakhomo ponse panalibe wondiposa pokwecha mapoto. Matama ake ndinali nawo. Ndinayang'ana guluu uja n'kumuderera: mwaye wa poto wa nyemba unkandigonjera, nanga aka? Ndinatapa mchenga wonyowa, phulusa ndi chisononkho, ndinapinda chitenje, n'kuyamba ntchito ndikuyimba. Guluu anachokadi. Penti nayonso inachoka. Pamene ndinkatsukuluza, pachitseko panali bwalo lalikulu ngati mbale, chitsulo chili mbee, nkhope yanga ikuonekeramo.

Ndinathamanga kukaitana amayi kuti adzandiyamikire. Atafika anangogwira pakamwa. Apo m'pamene mtima unandigwa, ndipo posakhalitsa ndinamva belu la njinga ya bambo.

Bambo anaima nthawi yaitali, botolo la palafini lili m'manja, akusisita bwalolo ndi chala.

"Wachita ndani?"

"Ndine, ababa. Ndimafuna mupeze poyera."

Amayi anati, "Abambo ake Esinati, musamukalipire. Mwanayu wakwecha momwe ndinamuphunzitsira."

Mapewa a bambo anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa ndi ukali, koma kunali kuseka, mpaka anakhala pansi pafumbi misozi ikutuluka. Madzulo ake anatenga penti yabuluu yotsala pa zenera la nyumba, nandipatsa bulashi kuti nditseke ndekha bala langalo lisanachite dzimbiri. Linatuluka chigamba chokhota, chodontha m'munsi.

M'mawa mwake tinapakirana kumbuyo titavala za kutchalitchi, phiri lili mbuu ndi nkhungu. Titafika pamsika, mayi wina wogulitsa zinanazi analoza n'kukuwa, "Ya a Nahuwo iyo, ya chigamba!" Bambo analiza hutala katatu. Sindinawaonepo atasangalala chotero, ndipo dzinalo linakhala lomwelo mpaka galimotoyo inatha.

Masiku ano ndili ndi kagalimoto kanga. Nditafuna kuchotsa zomata za mwini wake wakale, anyamata a pagalaja anapopera mankhwala, kupukuta ndi kansalu, osasiya kachipsera ngakhale kamodzi. Ntchito yabwino ndithu. Koma ndikapita kumudzi n'kudutsa pa Milonde, palibe amene amatembenuka. Bambo, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anaizungulira kawiri galimotoyo tsiku loyamba, kenaka anandifunsa, "Nanga anthu adziwa bwanji kuti ndi yako?"