Bulauzi Yopsa pa Kolala

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anamwalira pobereka, ndinabweza yunifolomu ya kutchalitchi. Sindinakangane ndi munthu ayi. Ndinangotopa.

Kwathu kuno amayi a mumpingo timakumana Lachinayi lililonse masana, titavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Si chovala chongogula n'kuvala. Amakuveka ndi abusa pamaso pa mpingo, ndipo ukamwalira anzako amakuveka chomwecho usanalowe m'bokosi. Yanga ndinaivala zaka zambiri. Inali ndi chipsera pa kolala, pomwe khala la m'simbi linagwera tsiku lina ndikusita mothamanga.

Patatha mwezi chiikireni maliro, ndinabwerera ku msonkhano wathu. Timapemphera mosinthana, ndiye inafika nthawi yanga. Ndinagwada, kutsegula pakamwa, zii. Ine amene ndinkapemphera pa maliro a eni mpaka anthu kulira, tsiku limenelo ndinasowa ndi liwu limodzi lomwe. Mumtima munali mkwiyo wokhawokha. Tsiku lija ndinapemphera njira yonse yopita kuchipatala nditamugwira mwanayo dzanja, nanga anamva ndani? Amayi anadikira, kenaka wina anayambitsa nyimbo kuti andibisire manyazi. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Yachitatu ndinapinda bulauzi ndi duku, kuponya m'jumbo, ulendo wa ku Kachulu.

Mtsogoleri wathu anali mayi wogulitsa matemba padoko pamenepo, wamkulu pang'ono kwa ine, wathupi, wosadziwa kunong'ona. Ndinkawatchula achemwali ngakhale panalibe ubale. Ndinawapeza akutembenuza nsomba pathandala.

"Achemwali, landirani katundu wanu. Ine za Mulungu zandikanika."

Anasuzumira m'jumbomo n'kupukusa mutu. "Ndiye mwabwera nayo kuno ku ntchentche? Aaa, inu! Ikani apo."

Basi. Osandinyengerera, osanditsegulira ndi vesi lomwe. Ndinabwerera nditakwiya kuposa mmene ndinapitira, poti ndinkafuna wina andikanize kuti ndipeze womulalatira.

Njira yopita kumunda wanga wa mpunga ku Likangala imadutsa kuseri kwa nyumba yawo. Lachitatu lotsatira ndinaona mabulauzi awiri pachingwe, ina yaikulu, ina yachipsera pa kolala. Sabata inayo, omwewo. Chovala choti palibe akuchivala, kumachichapa sabata ndi sabata! Ndinayesa kudutsa nditayang'ana kumbali, koma tsiku lina zinandikwana.

"Kodi mukufuna mudzi wonse uziwerenga nkhani yanga pachingwe?"

"Ine ndikuchapa zovala za m'nyumba mwanga," anatero osatembenuka. "Mukadzaifuna mukudziwa pomwe ili."

Mpunga utayamba kucha, mbalame zinandipeza ndili ndekha. Kale tinkasinthana ndi mwana wanga uja, wina mmawa wina masana. Tsopano ndinkayima kuyambira kukacha mpaka dzuwa kupendeka, kukoka chingwe cha zitini, kukuwa mpaka mawu kusasa. Lachinayi lina ndinangoona maduku oyera akubwera mondondozana m'mbali mwa ngalande. Ndinati mumtima, eya, abwera kudzanditulutsa ziwanda.

Sanandifunse kanthu. Awiri anandilanda chingwe, ena anayala zitenje pamthumbira n'kuyamba nyimbo. Anapemphera mosinthana monga mwa masiku onse, ndipo itafika mbali yanga anangodumpha ngati palibe chachilendo. Ndinakhala pansi nditatopa. Achemwali anadzakhala pambali panga, phi, akupuma movutikira.

"Mukuona ngati ndinu oyamba?" anatero, ulendo uno motsitsa mawu. "Chichokereni bambo a kwathu kupita kutsidya, chaka chija nyanja inauma, osabweranso, ine ndikamapemphera ndimangoona ngati ndikuyankhula ndi khoma. Zaka zonsezi."

"Inuyo? Nanga mumatitsogolera bwanji?"

"Ndimabwera poti inu mumapemphera. Mukati Amen, ine ndimakwera nawo ngati matola. Ndiye inu mwatsika, mwati ine ndikafika bwanji?"

Ndikanakonda ndikanati ndinalira, n'kukatenga bulauzi tsiku lomwelo. Bodza. Ndinangoti, "Ndamva," n'kudzuka kukalandira chingwe changa. Mtima wanga unali gwa, ndipo ndinaona ngati akundisenzetsa katundu wina pamwamba pa wanga. Amayiwo anabwerabe Lachinayi lililonse mpaka tinamweta mpungawo.

Titakolola, achemwali anayamba kudwala. Padoko anasiya kupita, thupi lija linatha ngati sopo. Ndinakawaona kawiri, nditatenga phala la mpunga. Za bulauzi sitinakambe, koma Lachitatu inkapezekabe pachingwe, akuchapa mwana wawo wamkazi atachita kutumidwa. Ndinkati ndidzaitenga akachira, kuti asaone ngati ndawamvera chisoni. Taonani uchitsiru wake. Anamwalira m'nyengo yozizira, mmawa wa Lolemba.

Kumaliro ndinapita nditavala chitenje wamba, n'kukhala panja pamodzi ndi anthu a m'mudzi. Amayi a yunifolomu anali m'nyumba, kusambitsa ndi kuveka mnzawo. Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinalowa pamzere ngati wina aliyense. Nditawerama, maso anga sanafike ndi pankhope pomwe. Anaima pa kolala. Chipsera chija chinali pomwepo, pansi pa chibwano chawo.

Ovekawo anapeza mabulauzi awiri m'sutikesi, onse ochapa, onse ositasita, ndipo anatenga yapamwamba. Poti mayiwo anali ataonda, inawakwana bwinobwino, wina osakayika.

Mwana wawo anaona mmene ndinaimira. Anandikokera kuseri kwa nyumba, ali ndi bulauzi inayo m'manja.

"Amayi, talakwitsa. Tawaveka yanu. Tiwauze atsegule, tisinthe?"

"Asiyeni," ndinatero. "Aichapa chaka chathunthu. Ndi yawo."

Anangoima, osadziwa kuti yotsalayo apite nayo kuti. Ndinaitenga. Ndinavalira pomwepo, kuseri kwa bafa. Inali yaikulu, mapewa akugwera m'mikono, ndipo ngakhale inali yochapa inkamvekabe utsi wa nsomba. Mayi wina anandibwereka duku. Nditalowa pamzere wa amayi operekeza bokosi, palibe anandiyang'ana kawiri. Anangosendera kundipatsa malo.

Lachinayi lotsatira inafikanso nthawi yanga. Ndinagwada, ndipo panali zii wautali. Wina anakoka mpweya kuti ayambitse nyimbo, koma ndinamutsogolera.

"Ambuye, ndatopa," ndinatero. "Achemwali nawonso anatopa. Alandireni."

Zinathera pomwepo. Amayi onse anati Amen, mwamphamvu, ngati ndanena zambiri.

Mpaka lero mawu sabwera ngati kale. Masabata ena ndimangogwada n'kukwera nawo pa Amen wa anzanga. Mkwiyo uja sunathe wonse, ndipo sindinamizira kuti unatha. Koma Lachitatu ndimachapa, Lachinayi ndimapita. Atelala anandiuza kuti akhoza kuibweza m'mbali kuti indikwane, ndinakana. Ndawauza kale amayi kuti tsiku langa likadzafika asadzavutike n'kusankha. M'sutikesi mwanga muli imodzi yokha, adzandiveke yomweyo ngakhale ndi yaikulu.