Misozi ya Pamsika

Ku koleji ya zosamalira alendo anatiphunzitsa kuyala bedi, kupinda tinsalu ta patebulo ndi kunyamula mbale zingapo ndi dzanja limodzi. Koma phunziro lalikulu linali kumwetulira. Aphunzitsi ankati mlendo sabwera kudzaona mavuto ako. Nditapeza ntchito pa loji ina ku Liwonde, kumwetulirako ndinkakuvala m'mawa pamodzi ndi yunifolomu.

Loweruka ndinkachita zisudzo. Gulu lathu linkayenda m'misika, pa Ulongwe, pa Nkaya, mpaka kwathu ku Ntaja, ndi masewero olangiza anthu kuti azithamangira kuchipatala. M'sewero lililonse munkafa munthu, ndipo wolira ndinali ine. Anzanga ankapaka anyezi m'maso, ine ayi. Ndinali ndi njira yanga: ndinkangoganiza kuti bambo anga amwalira, agona pa jeneza lonyamulira maliro atakulungidwa mu nsalu ya sanda, kofia yawo itatsala pamsomali. Misozi inkabwera yokha, mpaka amayi ogulitsa tomato ankalira nane. Tsiku lina pa Ntaja mayi anga anaonera nawo ali kumbuyo kwa khamu. Kunyumba anandiseka: "Iwe, misozi yonse ija kulira munthu wongopeka?" Bambo, ali jijirijijiri kumata tayala la njinga yawo ya kabaza, anati anandilipirira sukulu yodula kuti ndizikalira pamsika.

Kwathuko ndinalinso m'gulu la anyamata a pamzikiti. Pakagwa maliro ndife timakumba manda ndi kunyamula jeneza. Tonse timaitanana achimwene, wamkulu ndi wamng'ono yemwe.

Foni inandipeza ndikuthirira alendo tiyi. Anali mmodzi wa anyamata aja. "Achimwene, nyamukani. Ababa anu atisiya. Tiika lero lomwe." Ndinamaliza kuthira tiyi uja. Mlendo wina anapempha shuga, ndinakamutengera.

Kunyumba ndinapeza zonse monga ndinkaziganizira: jeneza, sanda, ngakhale kofia pamsomali. Ndinadikira kuti china chake chiduke m'chifuwamu. Palibe chinaduka. Zonsezi ndinali nditaziona kale Loweruka lililonse.

Anyamata anandilanda khasu, akuti wofedwa sakumba. Manja atasowa chochita anayamba ntchito imene amaidziwa. Ndinayala mikeka mowongoka bwino, ndinasambitsa akuluakulu m'manja, ndinaonetsa pokhala abale ochokera ku Balaka. Ashehe anandigwira paphewa, nati, "Mwalimba mtima, mwana wathu." Ndinamva nkhope yanga ikumwetulira yokha.

Sikunali kulimba mtima. Ndinkafunitsitsa kulira bambo anga, koma mkati mwanga munali zii, ngati chipinda chimene mlendo wachokamo ndipo takonzamo kale. Kumanda ndinayesa njira yanga ija. Ndinatsinzina kuti ndiganize kuti bambo amwalira. Koma anali atamwaliradi, panalibenso choganizira.

Anthu atabalalika ndinapeza amayi atakhala okha pakhonde la kuseri, maso ali otupa. Anandiyang'ana, osati mokwiya.

"Mwanangu," anatero, "misozi ya pamsika ija, sunawasungireko abambo ako?"

Ndinaima pomwepo, manja kumbuyo, monga anatiphunzitsira.

"Ndikuphikireni tiyi, amayi?"