Zitsekerero za Mabotolo M'chipinda cha Katswiri

Titasamukira ku Nairobi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwana wathu wamwamuna anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ku Lilongwe achibale ankamutcha mwana wofatsa. Sankayang'ana munthu m'maso, sankalowerera nkhani za akuluakulu, ndipo ankaswera pakhonde akundandalika zitsekerero za mabotolo. Sukulu ya ku Spring Valley inaona zina. Mphunzitsi wamkulu anatiuza kuti teremu yotsatira mwanayo sadzalandiridwa ngati sadzakhala ndi mthandizi wakewake womukhalira pafupi m'kalasi. Bungwe lomwe ndinkagwirako ntchito linkalipira mthandizi wotere, koma pokhapokha katswiri wa kakulidwe ka ana atatsimikiza kuti mwana akufunikiradi thandizo.

Amuna anga anaitenga nkhaniyi monga timatengera ulendo wokaonetsa mwana kwa alendo. Sabata yonse anamuphunzitsa kugwada, kupereka moni ndi kulandira chinthu ndi manja awiri. Tsikulo litafika anamuveka malaya akutchalitchi, namukhuthula m'matumba.

"Zitsekererozi zitsale. Tisakachite manyazi kwa eni dziko," anatero.

Sindinatsutse. Ndinazitola n'kuziika m'chikwama changa, poganizira mdipiti wa magalimoto pobwerera.

Katswiriyo anali mayi wa ku Kenya komweko, wolankhula motsitsa. Mwana wathu anagwada, anapereka moni wa Chingerezi mosaphonya, nalandira kagalimoto koseweretsa ndi manja awiri. Kenaka anakhala phee, maso ali pansi.

"Kodi mukamalankhula naye amakuyang'anani m'maso?" anafunsa mayiyo.

"Kwathu mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso," anayankha amuna anga.

Mayiyo anaseka. "Ngakhale kwathu. Ana anga okha ndiwo sanamve. Nanga amasewera ndi anzake?"

"Chiswahili sachidziwa, Chingerezi akuphunzira kumene. Asewera nawo bwanji?"

Mayankho onsewa anali oona, ndipo chimenechi ndicho chinandiopsa. Chizindikiro chilichonse chinali ndi dzina laulemu lomwe tinabwera nalo kuchokera kwathu. Ndinaona mayiyo akutseka cholembera. Anati mwina ndi kusamukaku, popeza ana ena amachedwa kuzolowera malo achilendo, ndipo anatiuza kuti tidzabwerenso chaka chamawa. Koma teremu inali itatsala pang'ono kutha.

Ndinaleredwa kuti mwamuna satsutsidwa pamaso pa mlendo. Ndinadziwanso kuti ndikalankhula, mawu anga adzamveka ngati a mayi wankhawa pambali pa bambo wodekha. Choncho ndinatsegula chikwama n'kukhuthulira zitsekerero zija pansi.

"Mayi, mukutani?" amuna anga ananong'ona m'Chichewa.

"Ndikuwaonetsa mwana wathu, bambo. Amene mwabwera nayeyu ndi wa Lamulungu."

Mwanayo anasiya kagalimoto kaja, nayamba kundandalika zitsekerero, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Katswiriyo anamuitana dzina, sanatembenuke. Anaomba m'manja kumbuyo kwake, osatembenukabe. Komabe cholembera chinali chotseka.

Ndinagwada pambali pake, ndipo ndinachotsa chitsekerero chimodzi pakati pa mzere. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chidzatsatira. Anakuwa kukuwa kumene kunyumba tinkatsekera mawindo kuti anansi asamve. Anadziluma pamkono, nayamba kumenyetsa mphumi pansi. Amuna anga anadumpha pampando n'kuika chikhatho chawo pakati pa mutu ndi simenti.

"Bwezeranipo, mama. Ndaona," anatero katswiriyo.

Ndinabwezerapo, koma sizinathandize. Mwanayo anayenera kumwaza mzere wonse n'kuyambiranso, uku akusisima. Mayiyo anatsegula cholembera, nayambanso mafunso ake aja. Ulendo uno anayankha ndi amuna anga omwe, ali chikhalire pansi, dzanja litatupa. Ananena kuti chibadwire mwanayo sanawaitanepo kuti bambo popanda kuuzidwa. M'chipinda chimenecho ndimo tinamva koyamba dzina lakuti otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo, likunenedwa za mwana wathu.

Pobwerera tinaima nthawi yaitali pakati pa mamatatu, maminibasi a kumeneko, chakufupi ndi Westlands.

"Mukanandiuza," anatero amuna anga.

"Mukanalola?"

 Amuna anga anayang'ana mwanayo pagalasi la galimoto.

Mthandizi anayamba ntchito teremu yotsatira, ndipo mwana wathu anakhala pasukulupo mpaka pamene tinachoka ku Nairobi. Koma kuyambira tsiku limenelo zitsekerero zake ankasungitsa bambo ake okha. Ndikamadutsa pafupi ndi mzere wake ankautchinga ndi mkono, osandiyang'ana, mpaka nditapitirira. Anachita zimenezi kwa zaka zingapo, ndipo sindinamuletse.