Dzanja Lamanzere la Alamu Anga

Sindinamvetsepo chifukwa chake alamu anga, munthu womvera pa zina zonse, analephera kusintha chinthu chimodzi pa kaponyedwe kawo ka nkhonya. Ankasewera m'gulu la anthu a matupi olemera kwambiri, ndipo masana ankachotsa matayala a malole ndi nyundo yaikulu. Nyundoyo inawazoloweretsa kutsitsa dzanja lamanzere asanaponye lamanja, nkhope n'kutsala poyera.

"Iwe wamatayala, kweza dzanjalo!" ankakalipa choncho mphunzitsi wawo. "Tayala silibwezera, koma munthu amabwezera!"

Diso lawo lamanzere linali litavulala kale, ndipo dokotala anachenjeza kuti likamenyedwanso lifa. Mkazi wanga anawachonderera kuti, "Achimwene, zisiyeni izi." Iwo anangoseka.

Pa masewera awo omaliza ndinakhala pafupi ndi zingwe za bwalo la nkhonya, maso anga ali pa dzanja lija. Analisunga m'mwamba bwinobwino mpaka anthu anayamba kukuwa kuti, "Mmalize! Mmalize!" Ndinaona phewa lawo lamanja likubwerera m'mbuyo, dzanja lamanzere likutsika. Mnzawo amene ankamenyana nayeyo ankadikira zomwezo.

Atatuluka m'chipatala ndi diso limodzi, anasiya magolovesi ndi nyundo pakhomo pathu, nakwera lole ina yongodutsa. Dalaivala wake sitimudziwa, ndipo palibe amene anaona kumene inalowera.