Kazitape Wosintha Nkhope

Alamu anga atachotsedwa ntchito ku fakitale ya fodya ku Kanengo, ndalama yonse imene anapatsidwa anagulira TV yaikulu ndi deki. Anamanga chisakasa cha malata akale kuseri kwa msika ku Kawale, n'kuikamo mabenchi, anthu n'kumalowa kudzaonera mafilimu. Mlongo wanga ndi ana ake ankadyera pa TV imeneyo, kunalibenso kwina.

Loweruka lina masana ndinapita kukaonera filimu yatsopano ya kazitape uja wa suti, amene tinayamba kumuonera tili anyamata. Chimbalecho chinabwera chopanda chikuto, ndiye pabolodi la panja alamu anamatapo chithunzi chakale cha kazitapeyo, wamtali, watsitsi lopesa bwino. Sankadziwa kuti eni filimu anali atasintha wosewera.

Filimu inayamba bwino, ine ndinene. Watsopanoyu anali wojintcha, khosi ngati la ng'ombe yapangolo. Anapanikiza mkono wa mdani pachitseko cha lole mpaka fupa linamveka kuthyoka, iyenso n'kulandira chibakera chotulutsa magazi m'mphuno. Wakale uja ankamaliza filimu yonse tayi ili chiongokere.

"Uyu si iyeyo!" anakuwa woitanira minibasi wina, chimunthu cha chipsera patsaya. "Mdala, wakuba nkhuku watiikirayu ndi ndani?"

"Khalani pansi, achimwene," ndinatero. "Ndi yemweyo. Amasintha osewera, dzina limakhala lomwelo."

"Amasintha? Bambo ako anayamba asinthapo nkhope?"

Anthu anaseka, kenaka kumbuyo kunayamba kumveka, "Feki! Feki!" Alamu, munthu wofatsa mopusitsa, ankangokweza manja m'mwamba kuti, "Pepani, abale anga." Woitanira uja anasolola chidutswa cha njerwa chimene chinkachirikiza benchi, n'kulunjika ku TV.

Ndinamugwira kolala n'kumugunda ndi mutu pamphuno. Magazi ake anandithira shati yonse. Njerwa inatera paphazi la munthu wina, ameneyo n'kutibula woyandikana naye, ndeu n'kubuka chisakasa chonse. Anzake a woitanira uja awiri anandigwera. Mmodzi anandiluma khutu, ine n'kumupotokola chala mpaka anaitana amayi ake. Pocheuka ndinaona benchi lili m'mwamba, likupita ku TV. Ndinadziponya patsogolo n'kuikumbatira. Benchi linanditera pamsana, mpweya n'kundithera. Nditatembenuza mutu, thabwa lina linandipeza pakamwa, ndipo mano awiri ndinawalavulira pansi. Pamimba pangapa kazitape anali akuomberabe mfuti.

Anatilanditsa ndi mayi wina wogulitsa tomato, amene anakuwa kuti apolisi akubwera. Kunalibe wapolisi ngakhale mmodzi, koma m'chisakasamo munatsala masilipasi okhaokha.

Alamu sanayambire kwa ine ayi. Anayamba kusisita TV mbali zonse. Galasi linali lamoyo, kangodya kokha ndiko kanagamphuka. Atatsimikiza, m'pamene anandiyang'ana.

"Alamu, mwavulala?"

"Ayi, ndikumwa Sobo," ndinatero, magazi akuyenderera kuchibwano.

Filimuyo ndinadzaimaliza ndili chafufumimba pamphasa kunyumba kwawo, mlongo wanga akundithowa msana ndi madzi otentha uku akunditukwana. Mwa mafilimu onse a kazitape ameneyu, imeneyi ndiye yabwino, ndipo wotsutsa abwere. Nkhani yake ya mabomba obisika sindinkaitsatira kwenikweni, komanso chikondi chake ndi mtsikana wa m'filimumo chinangotalikitsa zinthu. Koma chibakera chake chimapweteka ngati chibakera chenicheni. Pamodzi pokha ndipo ananama. Amumenya ndi mpando pamsana, iye n'kudzuka, kusasa fumbi, kuyamba kuthamanga. Bodza limenelo. Ine kupita kuchimbudzi ankachita kundigwirizira.

TV ija inagwira ntchito mpaka ana a mlongo wanga anamaliza pulayimale. Chithunzi chakale alamu anachimatula, ndipo ankati akaika filimu imeneyi, ankalemba ndi choko pabolodi: "Kazitape ndi watsopano. Wosafuna asalowe." Njerwa zonse zochirikizira mabenchi anazitulutsa.